Inu oweta mahatchi a m'foni, tatembenukirani kuno

Abale anga, Loweruka lapitali ndinapita kwa ajenti pa Nsungwi ku Area 25 kukatapa kandalama ka ndiwo, nde zimene ndinapeza kumeneko mpaka pano mtima sunakhale pansi. Mayi wina wogulitsa tomato, munthu woti amadzuka kusanache kukapikula ku Wakawaka, ali chilili wagwira foni manja akunjenjemera, akuti K180,000 ya banki mkhonde imene anzake anamusungitsa yasowa. Ajenti kuyang'ana mauthenga, ndalama inatuluka usiku anthu atagona, kupita ku nambala imodzi. Wakubayo sanachokerenso kutali ayi, mwana wawo yemwe wa Folomu 3, anali pambali pomwepo atazyolika. Kumufunsa kuti iwe ndalama wapita nayo kuti, akuti ndagula hatchi.

Hatchi! Tonse tinayang'anizana. Ili kuti hatchiyo, wayimangirira pati, ikudya chani? Akuti ili mu gemu, ndi yaikazi ya mtundu wabwino, ikangobereka ana awiri ndigulitsa ndalama ibwerera ndi phindu lomwe. Ndipo olo mu gemumo hatchiyo sinafike n'komwe, amene anamugulitsa pa gulu la WhatsApp anangolandira ndalamazo basi n'kumubuloka. Mayi uja anakhala pansi pafumbi pomwepo. Akawauza chani azimayi anzake tsiku logawana? Akanena kuti ndalama zanu zadyedwa ndi hatchi?

Nde musaone ngati ndi ana okha. Akanakhala ana okha bwenzi ndikungoti ndi chibwana, chidzatha. Koma azibambo a ndevu zawo, ena imvi zayamba kale, ali momwemo. Ndinalowa mu ofesi ina ku City Centre kukasainitsa pepala, mzere mpaka pakhonde, agogo ena achokera kutali m'mimba mulibe kanthu, bwana wa pa desiki maso ali pa kompyuta nkhope yolimba ngati akulemba zofunika, ine kusuzumira ndikuona akupesa chenjerere cha hatchi ya pa sikirini. Malipiro ake akulandira a chani munthu ameneyu? Wina wa kabaza wandikweza kuchokera ku Depoti, dzanja limodzi pa handulo lina pa foni, akuti dikirani pang'ono madala mpikisano watsala mphindi ziwiri. Pa msewu wa M1, malole a fodya akulowera ku Kanengo akudutsa m'mbalimu! Moyo wanga uthere pa tayala chifukwa hatchi yako ikuthamanga? Ku tchalitchi abusa ali pakati pa ulaliki wina kumbuyo akudyetsa hatchi. Pa maliro, anthuni, pa maliro penipeni, azimayi akuyimba m'nyumba ya siwa usiku wonse, anyamata pa moto panja akukangana kuti ya ndani ili ndi magazi abwino. Mutu ukuyenda bwino koma?

Palinso bambo wina kwathu kuno amatchera alamu ya 2 koloko usiku kuti adzuke akalowetse hatchi mu mpikisano. Yemweyo mwana atatentha thupi usiku mkazi wake kumudzutsa, anangotembenukira kukhoma akuti tiona mawa. Hatchi yopanda mpweya ikudzutse, mwana wako wobereka wekha asakudzutse? Tikutche bambo wa ndani iwe?

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi mawu amene mumagwiritsa ntchito. Ndikuweta. Ndikupanga bizinesi. Ndili ndi khola la mahatchi 40. Khola liti? Unadulapo mtengo umodzi womangira kholalo? Unawolapo ndowe? Magemu amenewa ali ndi eni ake ndipo eni akewo sakhala ku Kawale kapena ku Chinsapo. Howrse imene ambiri mumaitamayo inapangidwa ku France ndi kampani ya Owlient, ndipo mu 2011 Ubisoft inagula kampaniyo. Rival Stars Horse Racing ndi ya PikPok ya ku New Zealand, Star Stable ndi ya ku Sweden. Sindikuti anthu amenewa ndi akuba ayi, iwo amanena poyera kuti awa ndi masewera, ndipo bizinesi ndi yawo, akudya bwino ndi ana awo. Amene wasokonezeka ndi iwe woganiza kuti bizinesiyo ndi yakonso. Hatchi ili pa makina awo, malamulo ndi awo, tsiku limene adzatseke akaunti yako kapena gemu yonseyo ukadandaula kwa amfumu ati? Ukwera minibasi ya kuti kukatenga ziweto zakozo?

Mwana wina amandionetsa monyadira ma Equus, ndalama ya mu gemu ya Howrse, kuti ankolo taonani ndili nawo mamiliyoni, ndine wolemera. Ndinamuuza kuti chabwino achikulire, tiyeni pa chigayo tikagayitse ndi ma Equus anuwo, tikachoka apo mukandigulire sopo pa hokala. Kuseka. Akudziwa bwinobwino kuti ndalama imeneyo siituluka mu gemumo, palibe ajenti wa Airtel Money kapena Mpamba amene angakutapitse, koma ndalama yolowa ndi kwacha yeniyeni, ya thukuta la amake. Njira yake ndi imodzi yokha, yolowera. Ukafuna hatchi ikule msanga, lipira. Ukafuna ibereke mwana wapamwamba, lipira. Ukafuna isakalambe, isafe, lipira. Ka chishalo kokongola, lipira. Bandulo nayo ikutha ngati akuchita kumwa, nde mwezi ukamatha werengera uone ngati sunadye thumba la chimanga.

Ndipo zolipirazo si za kwacha, amafuna madola kapena ma euro. Dziko lino mukulidziwa mmene lilili pa nkhani ya forex. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inadzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, tagona pa mizere ya mafuta mu Lilongwe muno mpaka kudziwana mayina ndi oyandikana nawo galimoto, ochita geni akulephera kuitanitsa katundu, nde iwe madola ochepa omwewo ukuwasaka pa mtengo wa kuseri, kubwereka khadi la ku banki la mlamu wako, kuti ugule udzu wa hatchi yojambula? Zoona zimenezi? Ena mpaka kutenga katapila. Wina wapinyolitsa laputopu imene achemwali ake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg kuti azilembera za ku koleji. Achemwaliwo akuchapa zovala za eni ake kunja kuja, kuzizira konse kuja, kuti iwe ugulire hatchi mankhwala a mphamvu?

Ochenjera ena amati ayi madala inu simukudziwa, alipo magemu olipira ndalama zenizeni, a crypto, ndalama za pa intaneti zija. Tikuwadziwa. Zed Run ya ku Australia inachita phokoso dziko lonse mu 2021, mahatchi a pa kompyuta akugulidwa madola masauzande, aliyense akuti ndaona mwayi. Crypto itagwa mu 2022 mitengo ya mahatchiwo inatsika nayo, amene anagula mochedwa anatsala atagwira zithunzi. Awotu anali azungu a ndalama zawo, oti akaluza amangopukusa mutu mawa n'kupita ku ntchito. Iwe ukaluza ugona ndi njala ndi nyumba yonse. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, makolo ananena kale foni zisanabwere. Ndipo Reserve Bank of Malawi inanena kale kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, nde akakubera uyambira pati kudandaula? Komanso tisanamizane, kuika ndalama pa hatchi kuti ikapambana udye, dzina lake ndi juga. Olo muivale suti, olo muitchule mu Chingerezi, ndi juga basi, ndipo mwana wosafika zaka 18 alibe nayo gawo.

Tsopano za m'magulu a WhatsApp ndi Facebook zija ndiye zimandiimitsa tsitsi. Munthu simunamuonepo, pa chithunzi waika hatchi yoyera, dzina lake ndi lopeka, akuti ndipatse pasiwedi ndikuphunzitsire hatchi yako usiku uno mawa uipeza ili dolo, iwe n'kupereka. Akuti nditumizire nambala imene yabwera pa foni yakoyo, iwe n'kutumiza. Akuti kuti ndikukhulupirire jambula chiphaso chako cha unzika mbali zonse ziwiri, iwe n'kujambula, mwinanso cha amako chimene wachisolola mu chikwama. Ukudziwa zimene akachite nacho? Mawa anthu akaberedwa m'dzina lako, apolisi akagogoda pakhomo, udzawauza kuti bwana ndimagula hatchi? Nanga makiyi a nyumba bwanji osangomupatsiratu?

Kwa atsikana ndiye koopsa zedi. Kamtsikana ka Standade 8 kakucheza usiku ndi munthu woti akuti ndine mnzako wa zaka 13, ndikupatsa hatchi ya nyanga ija yosowa ija ulere. Ulere? Lero hatchi, mawa uli ku sukulu iti, mkuja tanditumizire chithunzi chako, kenako chithunzi china chija. Kumbali inayo kuli chibambo chachikulu chokhala ndi ana ake. Makolo muli pabalaza mukuonera mpira, mwana ali kuchipinda wafunda bulangeti mpaka kumutu kuwala kwa foni kukuoneka, inu mukuti wagona.

Eya, makolo, ndabwera kwa inu tsopano, musabisale. Ndani anamupatsa mwanayo pini? Si inu nomwe, ulesi wodzuka kukagula mayunitsi a magetsi, mwangoti tenga foni ugule pini yake ndi chaka chimene unabadwa? Ndani amadzitama kwa alendo kuti uyu ndiye pa foni ndi katswiri, ine sindidziwa kanthu amandipangira ndi iyeyu? Nde mukudabwa chani? Foni ya ndalama za gulu, ndalama za eni ake, mukuisiya pa mpando usiku wonse m'manja mwa mwana. Mwana akagona m'kalasi aphunzitsi akakuitanani mumapita mutakwiya kale, eti mwana wanga mukumuda. Akumuda ndani? Wagona 3 koloko m'mawa akubereketsa mahatchi. Mayeso a MANEB sadzafunsa kuti hatchi yako yathamanga bwanji. Anzake akadzapeza mapoyinti 12 n'kupita ku Bunda kukaphunzira ulimi weniweni wa ziweto, iye adzakhala pa shopu ya neba akupempha chaja, inu mudzayamba kuloza azakhali ake kuti anamulodza.

Ndinamuyesa mnyamata wina wa kwa neba. Hatchi yake anandilongosolera bwinobwino, amake ndi awa, abambo ake ndi awa, agogo ake anapambana mipikisano yakuti, mpaka mibadwo isanu osapunthwa. Nde ndinati chabwino, agogo ako obereka amako dzina lawo ndani, kwanu kwenikweni ndi mudzi uti, mfumu yake ndani, chiwongo chanu ndi chani? Kukanda m'mutu. Akuti kaya, mwina ku Dowa mwina ku Ntchisi. Ndinangomuyang'ana, mawu anandithera.

Ngati mtima woweta uli nawodi, ziweto zatha m'Malawi muno? Tsiku la msika pita ku Mitundu kapena ku Nsundwe ukaone anthu akugulitsana mbuzi zoti ukazigwira zimalira. Mbuzi miyezi 5 yabereka. Nkhuku masiku 21 yaswa anapiye. Akalulu olo kuseri kwa nyumba ya lendi amakwana. Olo bulu amene mumamunyozayo amakoka ngolo n'kubweretsa ndalama madzulo. Koma ayi, zimenezo ndi zonunkha, zimafuna kudzuka m'mawa, kukamweta udzu, kugula katemera wa chitopa, manja ade. Inu mukufuna zodina batani mutagona chagada. Hatchi yeniyeni imatenga miyezi 11 kuti ibereke, yanuyo ikubereka pamene mukudikira nsima ipse, nde osadabwa olo pang'ono kuti apa pali masewera?

Ndikudziwa ena muyamba kale kundiyankha kuti madala ndinu achikale, gemu ndi yongochotsa kutopa, inunso mumasewera bawo. Inde ndimasewera bawo pansi pa mtengo Lamulungu masana, koma sindinabepo ndalama ya mkazi wanga kuti ndigule nkhomo, ndipo dzuwa likalowa timatola n'kumapita kwathu. Sewera ngati wamaliza ntchito yako, ndi bandulo yogula wekha, palibe akuletsa. Koma ukangoyamba kunama, kubisa foni munthu akalowa, kukalipira amako chifukwa akutuma madzi mpikisano uli mkati, kubwereka ndalama kuti ubweze imene yapita, usatiuzenso za kuchotsa kutopa.

Ndipo inu ma adimini a magulu ogulitsa mahatchiwa, ena ndinu a mu Lilongwe momwemuno, timakwera nanu minibasi imodzi, mukudya ndalama za ana a sukulu n'kumavala nsapato zodula ku Gateway. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, kwanu sanakuuzeni zimenezi? Mukuona mwana akutumiza ndalama yochuluka chonchija pakati pa usiku, simukudziwa kuti waba? Mukudziwa bwinobwino. Nambala zanu munalembetsa ndi ziphaso zanu zomwe, musaganize kuti simungapezeke.

Zimitsani mafoniwo mukagone. Anthu akuluakulu opanda manyazi, mxii.