Ufa wa m'basi, kombe wa ku Shire ndi funso la muyezo

Sabata yatha ndinakwera basi ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Tisanafike n'komwe pa Nathenje, bambo wina wovala jekete yoyera anaimirira pakati pa mipando, nayamba ndi pemphero. Atangoti ameni anatsegula chikwama n'kutulutsa timapaketi ta ufa wobiriwira. Akuti ufawo umachiza shuga, BP, zilonda za m'mimba, nyamakazi, mauka, umasungunula mafuta m'thupi, ndipo abambo akamwa kunyumba kumakhala mtendere. Basi yonse inafa nacho chikhakhali, manja n'kuyamba kupisa m'matumba.

Ine ndinakweza dzanja. "Bambo, mu ufawu muli mitengo yanji? Nanga munthu amene ali pa ma ARV angamwe?" Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. "Achimwene, izi n'zachilengedwe. Mulibe kemiko. Aliyense akhoza kumwa, ngakhale mwana." Mayi amene ndinakhala nawo pampando umodzi anagula mapaketi atatu, ndipo potsegula chikwama chawo ndinaona kabuku ka kuchipatala ndi botolo la mapiritsi.

Musandiyese wonyoza zitsamba. Ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi, ndipo m'mimba mukapota ankandimwetsa muwawani wowawa ngati ndulu. Chimfine chikavuta tinkafungatira masamba a bulugama. Koma agogo sankapereka mtengo umodzi pa matenda khumi ndi awiri. Ankadziwa kuti wamng'ono amamwa pang'ono, kuti wapakati uwu asayerekeze, ndipo zikakanika ankanena okha kuti "apa pandipitirira, nyamulani mwanayu mupite naye kuchipatala". Bambo wa m'basi uja amadya ndi dzina la agogo athu, koma mwambo wawo alibe.

Mawu akuti "n'zachilengedwe, zilibe vuto" ndi amene amandiwawa kwambiri. Mwavi, umene makolo ankamwetsa anthu oganiziridwa ufiti, ndi khungwa la mtengo. Unapha anthu osawerengeka. Mtengo ukakhala ndi mphamvu yochiza ndiye kuti uli ndi mphamvu yogwedeza thupi, ndipo chogwedeza thupi chikachuluka chimapha. Nkhani ya kombe imaonetsa zimenezi bwino, ndipo ndimadabwa kuti sitiikamba.

Kombe ndi chomera choyanga cha m'chigwa cha Shire. Alenje a Chimang'anja ankasinja nthanga zake n'kupaka kumivi, nyama ikalasidwa sinkapita patali. Pamene David Livingstone ankayenda mu Shire m'ma 1859, anali ndi dokotala wina wodziwa zomera, John Kirk. Kirk anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Tsiku lina potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo anazindikira kuti mtima wake, umene unkathamanga chifukwa sankapeza bwino, wayamba kugunda pang'onopang'ono. Nthanga zija zinatumizidwa ku Britain. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anazifufuza kwa zaka zambiri, n'kupatula chinthu chenicheni chimene chimagwira mtima, chotchedwa strophanthin. Pofika m'ma 1880 madokotala a ku Ulaya ankalembera odwala mtima mankhwala ochokera ku kombe, ndipo nthanga zake zinkachoka kuno m'matumba ngati malonda. Mpaka lero dzina la chomerachi m'mabuku a sayansi ndi Strophanthus kombe, mawu a alenje athu ali momwemo. Imodzi mwa makampani amene anagulitsa mankhwalawa ndi Burroughs Wellcome, ya Henry Wellcome yemwe uja dzina lake mumaliona pa bungwe lofufuza zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre.

Chinthu chomwecho, pa muvi chinali ululu, m'botolo la dokotala chinali mankhwala. Chinasiyanitsa ndi timadontho towerengedwa. Ndipo ngakhale azunguwo anavutika nacho, chifukwa nthanga za mitundu ina yofanana ndi kombe zinkasakanikirana m'matumba, botolo lina kukhala lamphamvu, lina lofooka. Tsono ngati anthu a masikelo ndi malabu ankasokonezeka, kuli bwanji ufa wopimidwa ndi maso n'kumangidwa m'kajumbo?

LA amene timamwa malungo akatigwira naye anachokera ku chitsamba. Ku China, mayi wina wasayansi, Tu Youyou, anafufuza m'mabuku akale a asing'anga a kwawo napeza chomera chotchedwa Artemisia annua. Poyamba zotsatira zinkangosinthasintha, mpaka anazindikira kuti kutentha kwambiri pokonza kunkaononga mphamvu yake. Anasintha njira, ndipo mu 1972 gulu lake linapatula artemisinin, chinthu chimene amapangira LA. Mu 2015 analandira mphotho ya Nobel. Kuno kwathu LA anayamba kuperekedwa m'zipatala mu 2007, Fansidar atafooka. Fansidar naye analowa mu 1993 chloroquine atasiya kugwira ntchito, ndipo Malawi ndi amene anali woyamba mu Africa kusintha motero. Tinataya kale mankhwala awiri a malungo chifukwa tizilombo tinawazolowera.

N'chifukwa chake ndimachita mantha ndikaona anthu akudzala artemisia kuseri kwa nyumba n'kumamwa ngati tiyi. Tsamba lina lili ndi mphamvu yambiri, lina yochepa, malinga ndi nthaka, nyengo ndi kaumitsidwe. Ukamwa wosakwanira, kutentha thupi kumatsika koma tizilombo tina timatsala, ndipo totsalato ndi timene timaphunzira kupirira. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti tiyi wotere asagwiritsidwe ntchito pa malungo, ndipo ku Rwanda ndi ku Uganda apeza kale tizilombo tosamva bwino artemisinin. LA akafooka, wachinayi tikamutenga kuti?

Za mwanamphepo amayi mukuzidziwa kuposa ine. Azamba m'zipatala akhala akudandaula za amayi ofika ku leba atamwa kale kuti matenda afulumire. Mtengowo umagwiradi ntchito, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Chiberekero chimakoka mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika, nthawi zina chiberekero chimang'ambika. Kuchipatala mankhwala oyambitsa leba alipo, koma amaperekedwa mowerenga, mzamba ali pompo kumvetsera mtima wa mwana. Kapu ya apongozi ilibe mizere.

Komanso tisaiwale msanga. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira kwa Billy Chisupe ku Machinga kukamwa mchape, poti unkachiza Edzi. Malole ankadzaza, ena anagulitsa ziweto kuti apeze thiransipoti. Maliro sanaleke. Analeka kuchuluka ma ARV aulere atayamba mu 2004.

Koma ndisaloze chala mbali imodzi. Mankhwala achizungu nawo tikuwachita chipongwe. Pamsika mupeza bakitirimu, amokisilini ndi indosidi zili padzuwa pambali pa machesi ndi sopo. Munthu amagula makapisozi anayi, kumwa masiku awiri, chifuwa chikatsika basi. M'mafamase ena ukangotchula dzina la mankhwala akupatsa, osafunsa chikalata cha dokotala. Ndipo m'zipatala zathu, kalinishani amene ali ndi mzere wa anthu mpaka panja amalemba m'buku asanakuyang'ane kumaso. Ndi angati mwa inu amene munafunsidwapo kuti "kodi pali zitsamba zimene mukumwa kunyumba?" Akafunsa, amafunsa mokalipa, wodwala n'kukana kuti sanamwe kanthu pamene mphini zili mbee pachifuwa. Pamenepo dokotala akulemba mankhwala mu mdima, pakuti chiwindi ndi impso zomwezo ndi zimene zisenze zonse ziwiri, za m'botolo ndi za mumphika.

Malamulo tili nawo. Bungwe la PMRA, limene linabwera ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndi limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno. Maganizo anga ndi akuti chilichonse chimene chaikidwa m'botolo kapena m'paketi n'kumagulitsidwa ndi lonjezo lochiza chidutse pakhomo limenelo, kaya chachokera ku India kaya kuphiri la Mulanje. Papaketi palembedwe mitengo imene ilimo, muyezo wake, tsiku lothera mphamvu, ndi anthu amene sayenera kumwa. Nawo a wailesi atiyankhe. Pulogalamu ya mphindi makumi atatu yoti munthu azilonjeza kuchiza khansa ndi shuga, ndalama mwalandira, koma amene asiye insulini chifukwa cha mawu amenewo muwadziwa?

Chimene ndimalakalaka kwambiri ndi kafukufuku wathuwathu. Ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amaphunzitsa za famase, ku Zomba kuli National Herbarium kumene amasunga zomera zathu ndi mayina ake. Gondolosi, mvunguti, naphini, muwawani, nimu, chammwamba, yonseyi iyesedwe mpaka pa odwala enieni, tidziwe imene imathandiza, pa matenda ati, pa muyezo wanji, ndi imene imangopweteka impso. Kuona kuti madzi a khungwa apha tizilombo m'kambale ka mu labu ndi chiyambi chabe, ndipo kafukufuku wambiri amathera pomwepo chifukwa ndalama zatha. Ina mwa mitengoyi idzapezeka kuti sichiza kanthu, ndipo tidzafunika mtima wovomera.

Asing'anga ena amakana kuulula mitengo yawo kwa anthu a sukulu, ndipo ine sindiwada. Alenje a ku Shire anapindulanji ndi kombe? Dzina lokha m'buku. Amene akufuna nzeru za sing'anga ayambe wagwirizana naye polemba kuti mankhwala akadzatuluka gawo lake ndi lotani.

Mayi aja anatsikira pa Ntcheu. Asanatsike ndinawapempha kuti akapita kukatenga mapiritsi awo akatenge paketi imodzi akaonetse adokotala asanayambe kumwa. Anaseka n'kuti, "Achimwene, akandikalipira." Ndinawauza kuti akayambe ndi anamwino kapena wa pawindo la mankhwala. Anangoti "chabwino", n'kusenza katundu wawo. Bambo wa jekete yoyera uja anali atatsika kale pa Dedza, chikwama chili pepuu, n'kuoloka msewu kukadikira basi yobwerera ku Lilongwe.