Kafukufuku wa Muon g-2 sanali kutaya ndalama

Ndikuona ena akulemba kuti kafukufuku wa Muon g-2 wa ku Fermilab, malo ofufuzira za sayansi ku America, wathera m'madzi. Ati zaka zonsezi, ndalama zonsezi, koma chatsopano palibe. Ine ayi, sindikugwirizana nazo.

Muon ndi kanthu kakang'onong'ono, kofanana ndi elekitironi (kanthu kamene kamayendetsa magetsi) koma kolemera kuposa iyo maulendo opitirira 200, ndipo sikachedwa kutha. Kakalowa m'mphamvu ya maginito kamagwedezeka, ndiye asayansi amafuna kudziwa kuti kamagwedezeka mofulumira bwanji. Maginito a kafukufukuyu ndi chimkombero cha mamita pafupifupi 15, chomwe anachinyamula mu 2013 kuchoka ku Brookhaven, ku New York, kudutsa panyanja ndi m'mitsinje, kenako pa chilole usiku mpaka ku Fermilab, ku Illinois.

Mu 2021 zomwe anayeza zinasemphana ndi zomwe masamu ankanena. Anthu ananjenjemera ndi chimwemwe, poganiza kuti pali mphamvu ina m'chilengedwe yomwe sitinaidziwe. Koma pofika 2025, owerengetsera atabwerezanso masamu awo pa makompyuta amphamvu, yankho lawo linasunthira kufupi ndi la oyezawo. Mpata uja unatsekeka.

Nanga pamenepa walephera ndani? Oyeza sanasunthe. Zotsatira zawo zomaliza, za mu June 2025, zimaphonya ndi magawo 127 okha pa magawo 1 biliyoni, ngati munthu wayeza msewu wa Blantyre mpaka Lilongwe n'kuphonya ndi masentimita 4. Kuyeza koteroko ndi komwe kunakakamiza a masamu kubwerera pa tebulo.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi ichi. Oyezawo ankadziwa kuti mtima wa munthu umakokera ku yankho lomwe ukulifuna. Ndiye anapempha anzawo awiri a kunja kwa gulu lawo kuti atchere wotchi yoyezera pa liwiro lachinsinsi, nambala yake n'kuitsekera mu envulopu. Anagwira ntchito yonse osadziwa kuti yankho likugwera kuti, envulopu n'kuitsegula atagwirizana kale kuti sasinthanso kalikonse. Tangoganizani, kudzimanga manja wekha kuti usadzinamize!

Komanso nkhaniyi sinathe. Njira ziwiri zowerengetsera masamu aja, yakale ndi ya pa makompyuta amphamvu ija, mpaka pano sizikugwirizana, ndipo ku J-PARC, malo ena ofufuzira ku Japan, akukonzekera kuyezanso muon mwa njira ina.