Ng'ona ya m'buku ndi ng'ona ya m'madzi

Anzanga amene mumayendetsa Dungeons & Dragons (masewera a patebulo a nthano ndi madayisi) kuno ku Mangochi, ngakhale tilipo ochepa, tiyeni nkhani yobera madayisi kuseri kwa katoni imene woyendetsa masewera amabisira madayisi ake tiikambe poyera. Ine ndikuikana. Woyendetsa masewera akaona kuti nkhondo yafika povuta, asamaponye d20 (dayisi ya mbali 20), kuona nambala yaikulu ngati 19, kenako n'kunena kuti mdani waphonya. Ngati nkhondo ikufunika kukonza, tiikonze dayisi isanagwe patebulo.

Chimene chimatifikitsa pobera ndi kukhulupirira kwambiri nambala ya Challenge Rating (CR), imene imasonyeza kuopsa kwa chilombo. Tengani buku la malamulo a masewerawa a 2014. Ng'ona ndi CR 1/2, ili ndi HP (mapointi a moyo) 19, ndipo imawerengedwa 100 XP (mapointi oyezera kuvuta kwa nkhondo). Kwa osewera anayi a level 1, gawo loyambira, buku limati nkhondo ya 100 XP ndi yophweka. Pamtunda n'zoona, anthu anayi akaizungulira sichedwa kugwa. Koma aliyense amene anakwerapo bwato pa Shire, kumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Malombe, akudziwa kuti ng'ona sibwera kudzalimbana nanu pamchenga. Ya m'masewera nayonso ikaluma imagwiriratu, wogwidwayo sasuntha. Ikamukokera m'madzi malamulo amasintha: amene wanyamula nkhwangwa kapena lupanga lalitali amaponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaing'ono, opepukidwa ndi okhawo amene ali ndi mpeni, mkondo ndi zida zina zochepa. Wizard (munthu wa matsenga) wa level 1 nthawi zambiri amakhala ndi HP 6 mpaka 8, pomwe mano a ng'ona amachotsa 1d10+2, ndiye kuti HP 3 mpaka 12. Ikangoluma kamodzi akhoza kukomoka ali pansi pa madzi, anzake akadali m'bwato akukanganirana nkhafi. Imeneyo ndi nkhondo ija buku linati ndi yophweka.

Nambala imasocheretsanso mbali inayo. Buku lomwelo linalembedwa poganiza kuti gulu lingakumane ndi nkhondo 6 mpaka 8 pa tsiku limodzi la ulendo, mphamvu zikutha pang'onopang'ono. Ife timakumana Loweruka masana, nthawi imangokwanira nkhondo imodzi kapena ziwiri anthu asanayambe kufunafuna kabaza wobwerera kwawo. Choncho osewera amalowa m'nkhondo ali ndi zonse m'manja, ndipo chilombo chimene munakhala sabata yonse mukuchikonza chimafa chisanatsegule n'komwe pakamwa. Mdani mmodzi amamenya kamodzi, iwo amamenya kanayi. N'chifukwa chake buku limachulukitsa XP adani akachuluka: ma goblin (tizilombo tooneka ngati anthu) anayi a 50 XP aliyense sawerengedwa 200 koma 400, malire a nkhondo yakupha kwa gulu lomwe lija.

Tsono ine ndimati ntchito yathu yeniyeni ndi kuchenjeza. Asanakwere bwato, akumane ndi msodzi padoko amene akusoka ukonde wong'ambika pakati, awauze kuti pagombe la kutsidyalo ngakhale mbuzi zinasiya kumwerapo. Aone bwato lina lili chadodolido m'mabango. Akasankha kuwoloka pomwepo, asankha akudziwa. Mwinanso wina aganiza zogula mkondo, wina zomanga chingwe m'chiuno mwa wizard uja, ndipo apa ndi pamene masewera amakomera, lupanga lisanatuluke n'komwe m'chimake.

Mdani nayenso akhale ndi chimene akufuna. Ng'ona ikufuna chakudya, sikufuna kufa, ndiye ikalasidwa kwambiri itaye nyama n'kumira. Ma goblin mtsogoleri wawo akagwa abalalike, kapena akapambana amange anthu n'kupita nawo kumsasa wawo m'malo mowapha. Zoterezi zimafewetsa nkhondo popanda kunamiza munthu. Ndipo njira yothawira izikhalapo, yooneka ndi maso.

Ena mumati kubera dayisi ndi chifundo. Pabawo mnzanu atamakusunthirani nkhomo mobisa kuti mupambane, tsiku limene mungadziwe mungakondwe? Osewera amazindikira. Akaona kuti zilombo zimayamba kuphonya nthawi zonse HP ikatsika, amasiya kuopa, amasiya kuganiza, amangothamangira kutsogolo. Mwawalanda chinthu chimene chinawabweretsa.

Mfundo yanu imodzi ndimaimva ndithu, ya munthu watsopano. Mtsikana wabwera koyamba, wakhala ola lathunthu akulemba mbiri ya munthu wake m'kope la sukulu, wamupatsa dzina ndi mudzi, ndiye afe pa nkhondo yoyamba? Ameneyo sabweranso, ndipo pano tilibe anthu oti tiziwataya. Koma mankhwala ake alipo ena. Yambitsani gulu pa level 3, pamene kuluma kumodzi sikugwetsa munthu. Nkhondo yoyamba ichitikire pouma, ndi adani awiri amene amathawa msanga. Ng'ona ya mumtsinje muisunge mpaka sabata yachitatu kapena yachinayi, iye ataphunzira kufunsa asodzi asanakwere bwato.