Gule wa ku Joni

(Pakhonde, m'mudzi wina kufupi ndi Vila Ulongwe, ku Mozambique. Zuze wafika dzulo usiku kuchokera ku Joni. Amalume ake akusema mpini.)

MALUME: Iwe Zuze, anzako akamachokera ku Joni amabwera ndi njinga, ena sola. Iwe chikwama chonse chija, mpaka wachapa kukulipiritsa mpando wachiwiri, muli mapepala okhaokha?

ZUZE: Si mapepala wamba, malume. Ndi makomiki, nthano zojambula. Ndinakagula ku Comic Con Africa.

MALUME: Mpingo watsopano?

ZUZE: Ayi. Ndi chikondwerero cha anthu okonda makomiki, makanema ndi magemu. Ulendo uno chinachitikira ku Nasrec, mu Johannesburg momwemo. Chinayamba mu 2018, koma mwambo wake unachokera ku San Diego, ku America, kumene anauyamba mu 1970.

MALUME: Ndiye mumakatani?

ZUZE: Anthu amabwera atavala ngati aja a m'nthanozo. Wina nkhope yonse yophimba, wina nyanga, wina mchira, wina mapiko, wina wadzipaka thupi lonse...

MALUME: (aponya kasemasema pansi) Tsitsa mawu! Azakhali ako ali kuseri kuno. Iwe, unakalowa dambwe la eni ake?

ZUZE: Si gule, malume. Amati cosplay.

MALUME: Dzina lililonse angatchule. Nyanga, mchira, nkhope yosaoneka. Zinakuthamangitsani?

ZUZE: Timazithamangira ndife, kupempha tijambulitse nazo.

MALUME: Inu kuthamangitsa chilombo?

ZUZE: Chimaima bwinobwino, n'kukukolekani mkono paphewa.

MALUME: Hmm. Munasupa zingati?

ZUZE: Sitisupa. Nazonso zimagula tikiti pakhomo.

MALUME: Chilombo kuima pamzere ndi tikiti m'manja! Nanga ng'oma amaimba ndani?

ZUZE: Kulibe ng'oma, ndi masipika. Ndiye itakwana nthawi ya nkhomaliro, chimodzi chija chinavula mutu, n'kuuika patebulo, n'kuyamba kudya tchipisi.

MALUME: Pamaso pa akazi?

ZUZE: Chinali chachikazi, malume. Mtsikana wophunzira za unamwino.

MALUME: (kwa kanthawi ali duu) Usadzanenenso zimenezi pamudzi pano. Anthu adzati ndinakulera ndine.

ZUZE: Koma ine chimene ndinapitira si chimenecho. Kuli malo amene amakhala ojambula eniake, aliyense ndi katebulo kake, mabuku ake ndi zolembera. Mukudziwa Spider-Man?

MALUME: Uja ali pachikwama cha mwana wa aneba? Wa maso ngati ziwala?

ZUZE: Yemweyo. Sanagwe kumwamba. Anamupanga ndi anthu awiri mu 1962, Stan Lee ndi Steve Ditko.

MALUME: Unawapatsa moni?

ZUZE: Onse awiri anamwalira mu 2018.

MALUME: Ohoo! Bwanji osanena poyamba? Eniake anamwalira, chaka chomwecho gule n'kuyamba kutuluka. Kunali chiliza kumeneko. Mowa anafulula?

ZUZE: Malume, sizikugwirizana ayi!

MALUME: Zagwirizana kale. Pitiriza.

ZUZE: Ndinakumana ndi wojambula wina amene ndimamutsatira pa Facebook kuyambira ndili kusekondale. Ndinaima pamzere miyendo mpaka kuuma. Nditafika patsogolo pake, Chingelezi chonse chinathawa. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka "bom dia".

MALUME: Moni wa m'mawa, masana?

ZUZE: Dzuwa litapendeka. Koma munthu wake wofatsa. Ndinamuonetsa kope langa lija ndimajambulamo, anatsegula tsamba ndi tsamba. Anati nkhope ndimatha, koma manja a anthu anga akuoneka ngati phava la nthochi. Anandiuza kuti ndizijambula dzanja langa lamanzere tsiku lililonse, litagwira khasu, litagwira kapu, litafumbata.

MALUME: Pa khasupo wanena zanzeru. Munda wa mbatatesi ukukudikira.

ZUZE: Kenaka anandisainira buku.

MALUME: Anadinda chidindo?

ZUZE: Ayi, dzina lake basi.

MALUME: Siginecha yopanda chidindo? Ungaoloke nayo pa Zóbuè?

ZUZE: Si yoolokera. Ndi yosunga. Ndiye ndinamulipira kuti andijambule ineyo ngati ngwazi, pompopompo ndikuona. Anayamba ndi pensulo, mizere yosaoneka bwino, kenaka inki pamwamba. Palibenso china chonga chimenecho padziko lonse lapansi.

MALUME: Unalipira zingati?

ZUZE: Zochepa.

MALUME: Mu metikali.

ZUZE: Tingoti... thumba la feteleza.

MALUME: Thumba lija unati unaberedwa ndalama yake pa Beitbridge?

ZUZE: Tadikirani muone kaye, mukhululuka nokha. (apita m'nyumba, amveka akukhuthula chikwama) Azakhali! Ndani wagwira chikwama changa? Munali pepala loyera mu pulasitiki!

(Atulukira Agogo kuchokera kunkhokwe, ndudu ya chingambwe ili pakamwa, utsi uli tolotolo.)

AGOGO: Mukusokoseranji m'mawa uno? Iwe mdzukulu, ku Joni anakupusitsa. Mabuku ako onyezimirawo ndi achabe. Ndayesa atatu, pepala lake loterera, malovu sakugwira, silipichika.

ZUZE: Atatu?!

AGOGO: Koma loyera lija, la munthu wa makutu ngati mleme, limenelo ndiye pepala.

ZUZE: Agogo, ameneyo ndine!

MALUME: (asuzumira ndudu) Ndi iyeyo ndithu. Mphuno ndi iyi, yatsala pang'ono kupsa.

ZUZE: Mayo ine! Chatsalako n'chiyani?

AGOGO: (apisa m'thumba la jekete) Miyendo ilipo, ndasungira madzulo. Chaka chamawa ukapitanso, umuuze mnzakoyo achepetse inki. Ikukanda pakhosi.