Eni minibasi kuchigwa kuno, tayala si nsapato yongoyesa

Ana inu, zomwe tikuona m'madepoti a Nchalo, Ngabu ndi Bangula zafika ponyanya. HiAce yakale yaima ikudikira anthu, kutsogolo ili ndi matayala a pikapu, kumbuyo mbali ina tayala la saluni la kaunjika, mbali inayi lina la saizi ina. Mukafunsidwa mumati bola likuzungulira. Ndiye mupakiremo azimayi ndi ana, matumba a mapira ndi madengu a nsomba, nkuyamba ulendo wa ku Blantyre. Mwatani kodi?

Yambani mwaphunzira kuwerenga zolembedwa m'mbali mwa tayala. HiAce zambiri zakale zinabwera ndi 185R14C kapena 195R14C. Nambala yoyambayo ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, 14 ndi kukula kwa limu m'mainchesi, ndipo C akutanthauza tayala la galimoto yonyamula katundu, lokhala ndi nthiti zolimba. Pafupi pakepo pamakhala nambala ya kulemera komwe lingasenze. Pa 195R14C mupeza 106/104: 106 ndi makilogalamu 950 pa tayala limodzi. Pa 185R14C pamakhala 102/100, omwe ndi makilogalamu 850. Tsono tayala la saluni la 195/65R15 lomwe mumalithamangira chifukwa chotchipa nthawi zambiri limakhala ndi 91, kutanthauza makilogalamu 615 basi. Poyerekeza ndi 195R14C, mwachotsa makilogalamu 335 pa wilo iliyonse, katundu osachotsako ngakhale thumba limodzi.

Tayala lolemedwa limapinda m'nthiti nthawi iliyonse likazungulira, ndipo kupindako kumabala kutentha mkati. Kuno kwathu mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limadutsa madigiri 40, phula nkumawotcha phazi ngakhale uli mu patapata. Labala amayamba kusiyana ndi mawaya, pamatuluka chotupa ngati dzira, kenako phuu! pakati pa Nchalo ndi Ngabu pomwe msewu uli tambalale ndipo dalaivala wapondetsa. Kupopa kwambiri sikuthandiza. Tayala la C lolembedwa 8PR (chizindikiro cha kulimba kwake) limasenza katundu wake wonse pa mpweya wa 65 psi, pomwe la saluni ambiri malire ake ndi 44 kapena 51.

Ena mumakuza matayala dala, mukuti galimoto ikwere m'mwamba isagunde pansi mumchenga ndi m'makwawa a ku East Bank. Maganizowo tikuwamva, koma werengani. 195R14C ndi lotalika pafupifupi mamilimita 668, 195R15C pafupifupi 693. Galimoto yakwera ndi mamilimita 12 kapena 13 okha, kuchepera chala chanu cham'manja. Chomwe mwalipira pa kachidutswa kameneko nchachikulu. Kusiyanako ndi pafupifupi 4 peresenti, pomwe odziwa ntchitoyi sadutsa 3. Sipidomita ikamati 80 mukuyenda 83. Tayala lalitali limalemetsa injini pokoka, ndiye injini ya 3L kapena 5L yotopa kale ija ikayamba chitunda kuchoka pa Thabwa imafuna giya yotsika msanga, utsi kuti tolo, muvi wa kutentha nkumakwera, klatchi nkumanunkha. Pobwerera mpamene pali imfa. Mabuleki anapangidwira tayala lalifupi, ndiye pa lalitali amagwira ntchito yoposa kuti aimitse katundu yemweyo, ndipo giya yotsika siigwiranso galimoto monga kale. Pofika m'makhota akumunsi mabuleki apsa, mukuponda koma galimoto ikungopita.

Ngati matayala a 14 akusowa ndipo mwaganiza zosamukira ku limu ya 15, sankhani saizi yosunga msinkhu wakale. 205/70R15C ndi lofanana msinkhu ndi 195R14C, ndipo limapezeka la 106/104. Koma limu nayo si yongotola pa sikirapu. Werengani mabowo, chifukwa HiAce zina ndi za mabawuti 5, zina 6. Mabowo akhale pa mabawuti bwinobwino, bowo lapakati likhale pa habu, ndipo amene amakuza mabowo ndi tupa kuti limu ilowe ameneyo asakhudzenso galimoto yanu. Limu ya aluminiyamu imafuna manati akeake. Mukamanga, pakirani galimoto, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, mulowetse dzanja muone ngati tayala silikukhula madigadi kapena paipi ya buleki. Manati mangani modumphadumpha, osati motsatana, ndipo mukayenda makilomita 50 muwabwerezenso.

Matayala awiri a ekiselo imodzi akhale saizi imodzi, mtundu umodzi. Kumbuyo mukasiyanitsa, difu (bokosi la magiya lomwe limagawa mphamvu ku mawilo awiriwo) imayesa kuti galimoto ikukhota ulendo wonse, timagiya take timangozungulira osapuma, oyilo amatentha, mawa mukumva kulira. Kutsogolo galimoto imakokera mbali imodzi mukaponda buleki. Sipeya nayo ikhale saizi yomweyo.

Za kaunjika tinenepo pang'ono, poti safunsa anadya phula. Mapanga ooneka atsopano asakunamizeni. Funani pomwe palembedwa DOT, muwerenge manambala anayi omaliza: 2317 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2017. Lopitirira zaka 6 lisiyeni, ndipo lokhala ndi timing'alu m'nthiti kapena chigamba cha m'mbali musalifunse nkomwe mtengo. Mapanga akatsika kufika mamilimita 1.6 latha.

Mpweya yezani m'mawa galimoto isanayende, motsatira kachikwangwani ka pakhomo la dalaivala ngati kadakalipo. Masana geji imaonetsa mpweya wokwera chifukwa cha kutentha, ndipo makondakitala ena amauphwetsako poganiza kuti akupulumutsa tayala. Lekani zimenezo. Likazizira limakhala loperewera mpweya, mawa lake ndi lomwe limayamba kuphulika.