Kusiyanitsa ship ndi sheep si kudzikweza

Dzulo madzulo ndinapsa mtima kwambiri, ndipo mpaka pano mtima wanga sunakhale pansi. Mwana wa mchemwali wanga, amene ali mu Folomu 3, anakhala pakhonde ndi foni akumvetsera ndi kubwereza mawu a Chingerezi akuti ship ndi sheep, live ndi leave, full ndi fool. Bambo wina wachikulire amene anabwera kudzacheza kwathu anayamba kumuseka, amvekere, “Iwe mwana, wayamba liti kuyankhulira m’mphuno? Ukuganiza kuti usanduka mzungu wa ku London?” Mwanayo anachita manyazi, anathimitsa foni n’kulowa m’nyumba osatulukanso.

Ndinene mosapsatira mawu kuti bambowo analakwa. Mwana amene akuphunzira kusiyanitsa ship ndi sheep sakudzikweza ndipo sakunyoza mtundu wake, koma akufuna kuti akanena za nkhosa anthu asamve za sitima yapamadzi. Munthu amene akufuna kunena kuti achoka, iye n’kutchula live m’malo mwa leave, wanena kuti akhala pomwepo. Kodi kukonza zimenezi n’kunyada? Kodi kufuna kumveka bwino ndi mlandu?

Chichewa chathu chili ndi malembo a liwu asanu okha, pamene Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu otere pafupifupi 20, ndipo n’chifukwa chake khutu lathu limawamva ngati ofanana. Potchula sheep milomo imatambasuka ngati munthu akumwetulira, lilime limakwera kutsogolo ndipo liwu limakokeka, pamene potchula ship pakamwa pamakhala pomasuka, lilime limatsikako pang’ono ndipo liwu limadukira msanga. Palibe mphuno imene ikugwira ntchito pamenepo. Ndi luso la lilime ndi milomo basi, limene munthu amaliphunzira pomvetsera ndi pobwereza kambirimbiri monga ankachitira mwana uja.

Chimene chikundiwawa kwambiri n’chakuti ife eni akefe sitilola kuti chiyankhulo chathu chisokonezedwe chotere. Mlendo akanena kuti akufuna kumwa pala m’malo mwa phala, kapena akati ng’ombe zili mu kola m’malo mwa khola, timamuwongolera nthawi yomweyo ndipo akakhoza timamuwombera m’manja. Ngakhale mtengo wa m’nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika timazitchula mosiyana pokweza ndi potsitsa mawu. Nanga bwanji mwana wathu akachita khama lomwelo pa chiyankhulo cha eni ake timamutcha wonyada? Akuluakulu anati m’mera mpoyamba. Mwana amene mwamuseka lero adzakula akutchula bed, bad ndi bird ngati mawu amodzi, ndipo inu nomwe amene munamutseka pakamwa mudzakhala oyamba kumuseka akadzapunthwa powerenga pagulu.

Ndipo mwanayo sakanavutika yekha ndi foni zikanakhala kuti sukulu zathu zimasamala za katchulidwe. Palibe amene amalandira satifiketi ya MSCE popanda kukhoza Chingerezi, komabe mayeso onse a Chingerezicho ndi olemba, ndipo wophunzira amamaliza Folomu 4 popanda woyesa mayeso kumumvapo akutsegula pakamwa. Kenako mwana yemweyo akafuna kupita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ya unamwino ku Britain amakumana ndi mayeso oyesa luso la Chingerezi monga a IELTS, amene ali ndi gawo lomvetsera ndi gawo loyankhula pamaso pa woyesa, ndipo ndalama zolipirira mayesowo zimachoka m’thumba la makolo ake.