Za mapati a ana izi, ine ndatulukamo

Amene ndikukhumudwitseni mundikhululukire, koma ma birthday a ana amene tikuchita mu Lusaka masiku ano si a ana ayi, ndi athu ife makolo ndi anzathu a pa Facebook.

Sindikunena munthu wina, ndikudzinena ndekha. Kamtsikana kanga katakwanitsa zaka ziwiri ndinatenga ngongole ya kaloba, K3,000 kubweza K4,500, ati tichite zooneka anthu asatiseke. Jumping castle, keke ya masitepe awiri, ma T-shirt olemba dzina lake, mabaluni a pinki yadi yonse kuno ku Chilenje mpaka a landilodi anatuluka kudzafunsa ngati kuli kitchen party. Mwini wake wa tsikulo? Anayamba kulira pomwe anayatsa sipika, tinsapato tatsopano tikumuluma, pofika 15 hours anali atagona kumbuyo kwa ambuya ake dovu lili chuchuchu pa chitenje. Keke tinadula tokha akuluakulu, ndipo theka la anthu amene anadya nkhuku zanga mwanayo samamudziwa ndi dzina lomwe. Miyezi iwiri yotsatira tinali pa soya ndi repu, foni ikangolira mtima kuti phaa, poganiza kuti ndi mwini ndalama uja.

Chimene chinanditsegula maso ndi 2024, chaka cha chilala chija madzi atachepa ku Kariba, magetsi akumabwera pakati pa usiku anthu tili mtulo. Tabuleti ya ana inakhala yozima masiku ambiri. Sabata yoyamba kunali maliro m'nyumba, sindinama, ngakhale ineyo ndinasowa pogwira chifukwa ndinazolowera kuwapatsa katuni kuti ndiphike mwamtendere. Koma kenako abambo awo anatola mawaya ndi zitsekerero za mabotolo nkupanga galimoto, mnyamata wanga wamkulu amaiyendetsa mpaka mdima akuchita phokoso la minibasi ndi pakamwa, ati Town Town Kulima Tower. Apongozi anga anali atabwera kuchokera ku Katete, madzulo timakhala pamphasa mozungulira mbaula iwo nkuyamba padangokhala, ana nkumayankha tili tonse. Kamtsikana kaja mpaka lero kamafotokoza za Kalulu ndi manja omwe, koma pati ya K4,500 ija sikaikumbuka olo pang'ono, ndikakaonetsa zithunzi kamafunsa kuti uyu akulira ndani.

A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ananena mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhale pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kwathu sitikwanitsa masiku onse, tsiku lochapa foni imagwirabe ntchito ya wolera, koma pa nsima palibe foni, ya ine yomwe.

Ndikudziwa ena muti ndi umphawi ukulankhula, kapena muti tikufuna ana athu alawe zimene ife tinasowa. Zimenezo ndimazimva, ine ndinakula osazimitsapo kandulo pa keke. Ngati ndalama muli nazo chitani, ndani angakuletseni. Amene ndikulimbana nawo ndi ife a chilimba ndi kaloba, amene timagwetsa bajeti ya mwezi wonse tsiku limodzi kenako Januwale tikusowa ya yunifomu ndi nsapato, pomwe sukulu za boma kuyambira 2022 fizi sitilipira.

Chaka chino pa birthday ya kamtsikana kaja ndinapita ku msika wa Soweto m'mawa, nkhuku imodzi yamoyo, mpunga, ndinakazinga vitumbuwa beseni lodzaza, keke ndinaphika ndekha mumphika pa mbaula ndipo inapserera pansi. Anabwera ana asanu ndi awiri a mu yadi, anasewera waida ndi chiyato mpaka amayi awo kudzawakoka. Madzulo mlamu wanga ananditumizira meseji, ati mulamu zithunzi zili kuti, kapena chaka chino simunamuchitire mwana? Ndinamutumizira chimodzi chokha, cha mphika wopserera ana akulimbirana kukokota.